Kunjuta si Kugwada

"M'nyumba muno mwana wasukulu alipo mmodzi, ndi uyo akutsuka mbaleyo! Wachiwiri sindikumufuna!"

Anakuwa choncho ndi mwana wanga, ataima pakati pa balaza, ovolosi yakuntchito asanavule n'komwe. Ine ndinali pakona ndi simbi m'manja. Ndiyo ntchito yanga: anthu amabweretsa zovala zochapa kale, ine n'kusita, iwo n'kudzatenga. Simbi sifuna phokoso. Ukangotembenuka kuti uone amene akukuwa, kolala ya mwini yapsa.

"Tatsitsa mawu," ndinatero. "Aneba sanagule tikiti."

"Amayi, musalowerepo. Iyi ndi nkhani ya ine ndi mkazi wanga."

"Ndiye muzikakambira kuchipinda. Mukakambira pamutu panga yasanduka yanganso."

Mpongozi wanga anali atakhala pampando wa pafupi ndi khomo, akudula timapepala ta mitundumitundu toti ana ake akamate mawa lake. Ndikati ana ake ndikunena a eni, a zaka zitatu ndi zinayi, amene amawaphunzitsa pa sukulu ya mkaka kuseri kwa msika. Mumsewu wathu wonse amamutcha Madamu, ngakhale anyamata a ndevu amene anadutsa m'manja mwake akadali ndi mamina. Sanakweze mutu.

"Bambo, nkhaniyi tinakambirana kale," anatero. "Munavomera."

"Ndinavomera za Loweruka! Kupita m'mawa, kubwera madzulo. Zokagona kumeneko sunanene."

"Ndinanena. Munali mukuonera mpira."

"Ndiye munthu akuonera mpira ungamuuze zinthu zofunika?"

Kukhitchini mdzukulu wanga, mtsikana wa ku sekondale, anaphulika kuseka, kenako n'kusandutsa chifuwa.

"Iwe, tsuka mbale!" anatero bambo wake, n'kutembenukiranso kwa mkazi wake. "Mzimayi wamkulu ngati iwe, wa mwana wamkulu ngati uyo, ukagone pa bedi losanjikiza ndi tiatsikana ta mabuluku othina? Anthu aziti chiyani?"

"Aziti Madamu ali ku koleji."

"Aziti mwamuna wake walephera!"

"Mwalephera chiyani, bambo? Mayeso ndikukalemba ndine."

Nkhani yake ndi iyi, ndiifotokoze kamodzi chifukwa sindikonda kubwereza. Mwini sukulu ya mkaka ija analengeza kuti chaka chamawa aliyense wogwira kalasi akhale ndi pepala la uphunzitsi, kapena akhale ali mkati molifuna. Wopanda pepala atsika, akhale wothandizira: kusesa, kutsuka makapu, kuperekeza ana kuchimbudzi. Mpongozi wanga pepala alibe. Koleji anailawako ali mtsikana, chaka chimodzi chokha, mimba ya mdzukulu wangayu n'kumutulutsa. Chichokereni kumeneko wakhala akuphunzitsa ndi manja ake ndi mutu wake basi. Atamva za lamulo latsopanolo sanalire. Anapita ku koleji ina imene imalandira anthu akuluakulu, iwo n'kutumiza anthu awiri kudzamuona akuphunzitsa. Anakhala kumbuyo kwa kalasi pa timipando ta ana, maondo ali m'chibwano, kenako anati, zaka zimene mwagwira ntchitozi tiziwerengera, chaka choyamba musachitenso. Koma anaikapo lamulo lawo. Loweruka lililonse azipita, ndipo sukulu zikatsekera akakhale komweko milungu ingapo, kugona konko. Wosafika tsiku lolembetsa maphunziro a pa tchuthiwo, malo ake amapatsa wina, ndipo zaka zowerengeredwa zija zimafera pomwepo.

Ndiye amene anamutulutsa ku koleji poyamba paja ndi yemweyu anali ataima pabalaza ndi ovolosi yonunkha utsi, kufuna kumutulutsanso kachiwiri.

"Nanga amayiwa?" anatero, akundiloza ndi chibwano. "Maondo awo aja? Ukachoka awasamala ndani?"

"Iwe," ndinati, "maondo angawa usawalembe ntchito. Akhala akuwawa chaka ndi chaka, sunawafunsepo kuti agona bwanji. Lero ndiye wawakumbukira?"

"Amayi, ine ndikukuganizirani."

"Ukafuna kundiganizira, chotsa phazi lako pa dengu la zovala za eni."

Anachotsa phazi, anatuluka, n'kumenyetsa chitseko. Chitseko chathu n'chachitsulo, anachiwotcherera yekha, ndipo chikamenyetsedwa chimalira ngati belu. Mpongozi wanga anapitiriza kudula timapepala. Koma ndinaona kuti nyenyezi imene ankadula inatuluka ndi mwendo umodzi wamfupi.

Mwana wangayu si munthu woipa. Ntchito yake yowotcherera zitsulo amaidziwa, zimene wapeza amabwera nazo kunyumba, dzanja sanakwezerepo munthu. Koma ali wamng'ono tinkamutcha Ndekha. Ukafuna kumudyetsa, "Ndekha!" Ukafuna kumusambitsa, "Ndekha!" Ankavala kabudula chotembenuza tsiku lonse kusiyana n'kuti wina amukonze. Dzinalo tinalisiya atamera ndevu, koma khalidwe silinamve kuti tasiya.

Patapita masiku angapo ndinapita kukasiya madiresi a mwini sukulu uja. Inali nthawi yoweruka. Pakhonde panali mzere wa tinsapato, ana akuvala, makolo akudikira pageti. Kamtsikana kena kanali katagona chagada pasimenti, kakupalasa miyendo, kakulira mpaka msika wonse kumva. Mayi wake anali ataima pamwamba pake, nsapato m'manja.

"Dzuka! Ndikusiya pompano! Ndikuwerenga mpaka katatu!"

Anawerenga mpaka katatu, n'kuyambiranso.

Mpongozi wanga anatulukira m'kalasi, choko chili mbuu m'tsitsi. Sanathamange. Anafika, anakokera siketi pamaondo, n'kunjuta pambali pa kamwanako mpaka maso awo anakhala pamlingo umodzi. Anadikira kaye.

"Wakwiya," anatero motsitsa mawu. "Ndaona kuti wakwiya kwambiri."

Miyendo inasiya kupalasa.

"Unali usanamalize kumanga nyumba yako ya timatabwa, belu n'kulira. Eti?"

Kamwanako kanavomera ndi mutu, mamina ali chuchuchu.

"N'zowawa zimenezo. Nyumbayo ndikusungira, palibe aigumule. Tsopano tamvera. Ufuna uvale nsapato wekha, kapena akuveke amayi?"

Kanayang'ana nsapato zija. Kenako kamawu kosasa: "Ndekha."

Ine pamtima ndinati, eya, a mtundu umenewu akadabadwabe.

Ana atatha, ndinamupeza akusanja timipando.

"Nthawi yonseyo?" ndinamufunsa. "Ine ndikanangokanyamula ngati thumba."

"Mukakanyamula lero, mawa kagonanso pomwepo, amayi. Munthu ukamulankhula uli pamwamba pake samva mawu, amangoona kutalika kwako. Ndiye ndimatsika. Ndimamuuza zimene ndikuona. Kenako ndimamupatsa njira ziwiri."

"Zonse zothera m'nsapato."

"Zonse zothera m'nsapato," anaseka.

"Nanga akakana zonse ziwiri?"

"Amapita kwawo wopanda nsapato. Koma kupita amapita."

"Ngati zonsezi ukuzidziwa kale, ku koleji ukukafunako chiyani? Pepala lokha?"

Anasiya kusanja timipando. Anandilozera pazenera. Kuseri, pansi pa mtengo, panali mwana mmodzi amene makolo ake anali asanabwere. Anali kundandalika zitsekerero za mabotolo mzere, wowongoka ngati wayezera ndi chingwe.

"Mukumuona uyo? Chibwerereni sanandilankhulepo. Akamva belu amatseka makutu n'kuyamba kudzimenya. Ndanjuta mpaka miyendo kuchita dzanzi, njira zanga ziwiri sizimugwira. Sindikudziwa chochita naye, amayi. Kukoleji kuja kuli mphunzitsi wina amene ntchito yake ndi ana otere. Loweruka lapitali anangoyambako kufotokoza, ine mtima uli phaphapha, kuti ameneyu akunena mwana wanga uja. Zotsalazo aphunzitsa pa tchuthi chikubwerachi. Pepala ndikulifuna, sindinama, chifukwa zotsuka makapu pa ukulu uno sindingathe. Koma ndikufunanso ndidziwe."

Ndinanyamula dengu langa n'kubwerera. Panjira ndinaganiza za ntchito imene idzandigwere akachoka: kuphika, kuchapa, kukuwira mdzukulu kuti adzuke. Sindinasangalale nazo. Koma ndinawerengera kuti milungu ingapo sinapheko munthu.

Loweruka lotsatira mpongozi wanga anabwera dzuwa likupendeka, nsapato m'manja, zidendene zitatupa. Anagwera pampando n'kubisa nkhope m'manja. Mapewa ankagwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira.

"Akuchita chiyani kumeneko?"

"Amayi, ndadzichititsa manyazi." Kunali kuseka. "Mphunzitsi anachedwa. Anawo anayamba phokoso, ena pafoni, ena akhala pamatebulo. Mutu wanga unali m'buku. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinangoona ndaimirira, ndawomba m'manja katatu, ndakuwa kuti, 'Manja m'mwamba! Chala pakamwa!'"

Mdzukulu wanga anagwa pansi ndi kuseka. "Amami, ayi! Ku koleji?"

"Choipa kwambiri n'choti anamvera. Holo yonse zii. Mnyamata wina wa ndolo anali ataika kale chala pakamwa asanadziwe chimene akuchita. Mphunzitsi akulowa anadabwa kuti kwafa ndani. Tsopano onse akunditcha Anti Chala."

"Nanga ntchito yolemba imene anakupatsani ku koleji?" anafunsa mdzukulu.

Kuseka kunatha. "Andibwezera. Akuti maganizo alimo, koma ndalemba ngati ndikukamba nkhani pakhonde. Akufuna ndizinena kuti zimenezi ananena ndani, m'buku liti. Ine ndinalemba kuti ndinaziona ndi maso anga. Akuti maso anga ndi abwino, koma ndiwapezere anzawo."

"Ndiye usiya?" ndinafunsa.

"Ndilembanso."

Anasamba, anadya, kenako awiriwo anakhala patebulo ndi kompyuta yobwereka kwa mwini sukulu. Mayi ankataipa ndi chala chimodzi, ngati nkhuku yotola chimanga, mwana akumulondolera.

"Amami, osati apo. Apo mufufuta zonse."

"Usandikuwire. Ine ndinakuphunzitsa kugwira supuni osakukuwira."

"Mukunama, agogo anandiuza."

Mwana wanga analowa ali mkati moseka. Anaima pakhomo, anayang'ana mitu iwiri yoweramira kompyuta, anayang'ana ine, palibe amene anamuuza chimene chikuseketsa. Sikuti tinamubisira, nkhaniyo inali yaitali basi. Anadutsa n'kulowa kuchipinda. Chakudya chake chinazirala patebulo.

Chimene chinkamudya ndinakachipeza kushedi kumene amagwira ntchito. Chogwirira cha simbi yanga chinali chitaguluka, ndiye ndinapita nayo kuti akandilumikizire. Shediyo ndi malata anayi ndi phokoso. Pansi pali zidutswa za zitsulo, mageti osamaliza atatsamira khoma, fungo la utsi wolowa mpaka m'mano. Iye anali atawerama pa felemu la zenera, chigoba kumaso, moto uli thethethe. Anzake sanandione ndikulowa.

"Kholo la mwana wasukulu!" anakuwa wopenta, wamtali wosowa dzino lakutsogolo. "Ku msonkhano wa makolo upita liti?"

"Wamugulira sokosi zoyera?" anawonjeza wina.

"Uzimuyang'ana homuweki madzulo, aise. Akalakwa uzisaina."

"Asaina bwanji, iyeyo sukulu anaithawira pazenera?"

Anaseka onse. Mwana wanga sanadzuke. Anangopitiriza kuwotcherera pamalo pamene anali atamaliza kale.

Mkulu wina wodula zitsulo, wa imvi ndithu, woti akanakhala ndi nzeru, anapukuta manja n'kunena mofatsa ngati akupereka malangizo a kuchipatala. "Ife tikuseka, koma nkhaniyi ndi yoona, mphwanga. Mkazi akatenga pepala, choyamba kusintha ndi loko wa chitseko. Kumeneko akakumana ndi a mataye. Iwe udzangomva fungo la sopo wachilendo."

"Chitseko chake chiti?" ndinafunsa.

Anatembenuka onse. Wopenta anavula chipewa.

"Ndati chitseko chake chiti? Chifukwa cha kwathu anawotcherera ndi uyu, loko wake sangachoke ngakhale mutabwera nonse ndi nyundo. Inu bambo, mdzukulu wanu si uja amalira pageti m'mawa uliwonse? Amamutonthoza ndani? Ndiye masana mukamusiyire Madamu mwana, madzulo muzimudya miseche pano?"

"Timangocheza, mayi."

"Muzicheza za akazi anu. Iwe, simbi iyi."

Anailumikiza osandiyang'ana. Akundipatsa anati motsitsa, "Mwandionjezera, amayi. Mawa aziti ndinaitana amayi anga."

Apo ananena zoona.

Mlungu womaliza sukulu zisanatsekere, m'nyumba munali zii ngati muli wodwala. Mpongozi wanga anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, anaipukuta fumbi, n'kuyamba kulongedza pang'onopang'ono: lero thaulo, mawa mabuku. Ine ndinamusitira mabulauzi ake onse, ndipo ndinawasita bwino kuposa a makasitomala. Mwana wanga ankadutsa sutikesiyo ngati ndi galu woluma. Kamodzi kokha, tikudya, analankhula.

"Sutikesi imeneyo siituluka m'nyumba muno. Ndanena."

"Ndamva, bambo," anatero mkazi wake. "Ndipatseniko mchere."

Tsiku lolembetsa linafika. Kunacha bwino, kopanda mtambo. Basi yopita kumene kuli koleji imanyamuka m'mawa, ndipo ukaiphonya, yotsatira imakafika maofesi atatseka. Mpongozi wanga anadzuka, anakonza tiyi, anasesa, anavala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda. Analowa kuchipinda kwa mwana wake kukamutsanzika. Potuluka anapeza sutikesi ili pakhomo penipeni, mwamuna wake ataikhalira.

Munthu wamkulu, mapewa ngati kabati, atakhala pa sutikesi, manja atapinda pachifuwa, akuyang'ana khoma. Kuntchito sanapite. Khomo lathu ndi limodzi.

"Iwe!" ndinakuwa. "Dzuka apo! Ukuphwanya mabulauzi amene ndasita ine!"

"Ndinanena, amayi."

"Ndati dzuka! Usaone ngati wakula, hang'ala iyi ikukwana!"

Ndinali nditainyamuladi hang'ala ya zovalayo. Ndinaima pamwamba pake ndikukuwa, iye osasuntha, khosi lili gwa. Mdzukulu wanga anatulukira, misozi ili m'maso.

"Adadi, basi iwasiya! Chonde, adadi!"

"Lowa m'nyumba iwe."

"Ndili m'nyumba kale!"

Mpongozi wanga anandigwira mkono. "Amayi, takhalani pansi. Maondo aja."

Sanathamange. Anafika pamene panali mwamuna wake, anakokera siketi pamaondo, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka maso awo anakhala pamlingo umodzi. Ndinaona nkhope ya mwana wanga ikumasuka. Chifuwa chinakwera. Ndinadziwa chimene akuganiza: wagonja, wagwada, tsopano apepesa.

Koma ine ndinali kumbali, ndipo ndinkaona miyendo. Maondo ake sanakhudze pansi. Anali atanjuta pa zala za kumapazi, zidendene zili m'mwamba, ngati munthu woti adzuka nthawi ina iliyonse. Ndinatsitsa hang'ala.

Anadikira kaye.

"Mwakwiya, bambo," anatero motsitsa mawu. "Ndaona kuti mwakwiya kwambiri."

Iye anayang'ana kumbali.

"Akhala akukusekani kushedi."

"Wakuuza ndani?" Anaponya diso kwa ine. Ine ndinayamba kuwerenga malata a padenga.

"Palibe. Masiku ano ovolosi mumaivula ngati yakulakwirani."

Panja wogulitsa buledi anadutsa akuliza belu la njinga.

"Si kusekako," anatero potsiriza, mawu atasasa. "Kusekedwa ndinazolowera."

Mpongozi wanga sanafunse kuti nanga n'chiyani. Anangokhala chinjutire. Ine miyendo inayamba kundiwawira m'malo mwake.

"Loweruka lija," anatero mwana wanga, "ndinalowa muno, nonse mukuseka pa kompyuta. Ndinaima apo ngati wobwera kudzawerenga mita ya madzi. Panopa n'chiyambi chabe. Ukadzatenga pepalalo udzandiona ngati chiyani? Ine sukulu ndinaithawa. Dzina langa ndimalemba ngati ndikuwotcherera. Udzakhala patebulo ndi anthu olankhula za m'mabuku, ine ndidzatsegula pakamwa n'kutuluka utsi."

"N'zowawa zimenezo," anatero mpongozi wanga.

Mawu omwe aja, mamvekedwe omwe aja. Ndinaluma mlomo.

"Mukuopa kuti ndipita n'kubwerako munthu wina."

Manja a mwana wanga anamasuka pachifuwa.

"Timipando ta m'kalasi mwanga anawotcherera ndani? Anthu a ku koleji aja anatikhalira tsiku lonse, mmodzi wonenepa ngati awiri, palibe kanapindika. Anafunsa kuti tinagula kuti. Ndinati sitinagule, anapanga ndi amuna anga. Sindinanene motsitsa mawu, bambo. Nyumba ino ndikuisiya mmene ilili, ndipo ndidzaipeza mmene ilili. Palibe aigumule."

Mwana wanga anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Tsopano tamverani. Basi sidikira munthu. Mufuna munyamule sutikesiyi mundiperekeze kusiteji, kapena mutsale mukuikhalira, ine ndipite ndi zovala zili m'thupizi?"

Ndi pamene ndinamuyang'ana bwino. Nsapato anali atavala kale. Kachikwama kam'manja kanali kale paphewa, kotupa kuposa masiku onse, mswachi utasuzumira pazipi. Pakati pa sutikesi ndi felemu la chitseko panali mpata, waung'ono, koma wokwana munthu wodutsa chammbali. Anali atauona kalekale. Anamva bwino lomwe tsiku lija kuti chimene sichituluka m'nyumba muno ndi sutikesi.

Ndinamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. China chinali ukali, kuti mzimayi wa zaka zake, wolera ana a msewu wonse, achite kunjutira bambo wa ndevu kuti adutse pakhomo la nyumba yake yomwe, popita kukaphunzira, osati kukaba. Ndipo ndikudziwa nyumba zina mumsewu mwathu momwemu zimene sutikesi inabwerera pamwamba pa kabati, mwini wake n'kukalamba akutsuka makapu. Chinacho sindichidziwa dzina lake. Ndinangoona kuti ndaimirira mowongoka, maondo osawamva.

Mwana wanga anayang'ana mswachi uja. Anayang'ana mpata uja. Anayang'ana mkazi wake, amene sanaphethire.

"Ungainyamule iweyo imeneyi?" anatero mokalipa. "Waikamo njerwa?"

"Mabuku."

Anadzuka. Mdzukulu wanga anathamangira chogwirira kuti athandize.

"Siya! Ndinyamula ndekha."

Anaiponya paphewa ngati geti la kasitomala n'kutuluka. Mpongozi wanga anadzuka osagwira pansi, anakonza siketi, anakumbatira mwana wake. Atafika pa ine ndinamva kuti bulauzi yake inali itanyowa kumsana.

"Amayi, mankhwala a maondo ali pawindo. Musaiwale."

"Pita, basi ikusiya. Ukamufunse bwino mphunzitsi uja za mwana wa zitsekerero."

Ndinaima pakhonde kuwayang'ana akutsika msewu, iye patsogolo ndi sutikesi, mkazi wake pambuyo ndi kachikwama. Pa kona, wopenta uja anali akupita kuntchito. Anaima, anatsegula pakamwa. Sindikudziwa chimene anaona pankhope ya mwana wanga, koma anatsekanso, n'kuvulira Madamu chipewa.

Mwana wanga anabwerako dzuwa litakwera, akuyenda ngati wawina mlandu. Anakhala pampando wa pafupi ndi khomo, anatambasula miyendo.

"Wakwera," anatero. "Ndamupezera mpando wapazenera. Kondakitala amafuna aike sutikesi padenga, ndamuuza kuti muli mabuku, iikidwe mkati."

"Wachita bwino."

"Mwaonatu, amayi? Mkazi amatero. Wandigwadira. Akanapanda kugwada sakanapita."

Mdzukulu wanga anatsegula pakamwa. Ndinamuponda phazi.

"Ndiye ndinaganiza kuti, aa, msiyeni apite, akaphunzire. Palibe wandiuza. Ndaganiza ndekha."

"Wekha, mwananga," ndinatero. "Ndinalipo."

Ndinayang'ana kukhitchini. Makapu a tiyi anali mbwee, mapoto a dzulo akudikira, pansi pali mapazi a fumbi kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda. Mdzukulu anali ndi mayeso oti awerengere, ine dengu lodzaza ndi malaya a eni. Maondo anga salola kunjuta, ndiye ndinamuuza ndili chiimire, simbi m'manja.

"Watopa. Ndaona kuti watopa kwambiri. Tsopano tamvera. Ufuna uyambe mbale, kapena uyambe kukolopa?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wamva nyimbo koma sakukumbukira kumene anaimvera. Kenako anadzuka, n'kuyamba kupinda manja a malaya.

"Mbale," anatero. "Koma musandilondolere."